Mazira a M'thanki Yomaliza

Anthu amamutchula kuti Musagwedere, chifukwa kwa zaka makumi awiri ankajambula zithunzi za ziphaso, ndipo mawu ake anali amenewo basi. Mafoni atamulanda ntchito, anachotsa nsalu yabuluu pakhoma la situdiyo n'kuikapo mathanki agalasi asanu ndi limodzi. Anayamba kuweta tinsomba tokongoletsa m'nyumba, banja n'kumadya pamenepo.

Kenako kunagwa matenda. Mathanki asanu anatha psiti m'sabata ziwiri. Kunangotsala mazira omatirira patsamba limodzi m'thanki yomaliza. Dokotala wa ziweto, mayi wina wokhala kutali, anati amutumizire chithunzi cha mazirawo chooneka bwino kuti adziwe mankhwala ake.

Apa ndiye panagona nkhani. Kamera ukaiyandikiza kwambiri, dzira lakutsogolo likaoneka bwino, lakumbuyo limangokhala mbuu. Njira yake ndi kujambula zithunzi makumi anayi, ukusuntha lenzi pang'onopang'ono, kenako kompyuta n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Koma tsamba lisagwedezeke n'komwe, pamene pampu ya mpweya inkalivinitsa osalekeza. Musagwedere anaizimitsa.

Ulendo woyamba lole inadutsa pamsewu, madzi n'kunjenjemera. Wachiwiri dzanja lake lomwe linamukhumudwitsa. Mantha anamugwira, mpweya ataugwira ngati iyeyo ndiye wamira.

Masana mkazi wake analowa ndi chakudya.

"Bambo, pampuyo bwanji ili zii?"

"Ndiyatsa pompano, mayi. Musaponde mwamphamvu."

"Mwayamba m'mawa ujatu."

"Ndatsala pang'ono. Chithunzichi chikakanika, tidya chiyani m'nyumba muno?"

Munthu wothedwa nzeru alibe makutu. Anayesa kasanu ndi kawiri, chakudya n'kuzizirira pampando. Dzuwa litapendeka zinatheka, ndipo kunena zoona, moyo wake wonse anali asanajambulepo chithunzi chotere. Dzira lililonse linkaoneka bwinobwino, loyamba mpaka lomaliza. Anachitumiza kwa dokotala uja.

Dokotala sanachedwe kuimba.

"Chithunzichi n'chabwino zedi, bambo. Matenda aja sindikuwaonapo apa. Koma mazira amoyo sayera ngati choko chonchi. Awa afa lero lomwe, asowa mpweya. Pampu yanu ikugwira ntchito?"

Musagwedere anatembenukira kuthanki ija, foni ili kukhutu. Mkazi wake anawerama n'kuyatsa pampu ija, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti m'thankimo mulibenso chopuma.