Nyundo ya Mmisiri wa Maboti

Ndinatsimikiza zopita ku Amereka tsiku limene ndinathyola thabwa la mlombwa polipinda. Bambo, amene ankakhoma maboti a matabwa ku Nkhotakota, anangondiuza kuti manja angawa ngogwirira cholembera. Ndinakwiya, mumtima n'kuti chabwino, ndikachigwirira kutali. Munali mu 2012.

Cholembera chake chiti? Ku Indianapolis ndinafikira kwa azakhali, pafupi ndi Lafayette Road, sukulu n'kundikanika chaka chomwecho. Azakhali sanapite m'mbali: "Mwanawe, yamba kuapulaya ntchito zosamalira okalamba. Kuno wina aliyense amakava mashifiti." Ntchitoyo ndinaipeza ku South Bend, kumene chisanu chinkandiliza ngati mwana ndikamadikira basi. Kusungulumwa ndiye osanena. Ndinkaimba foni kumudzi ngakhale ndilibe chonena.

Ndinkasamalira a Gordon, nkhalamba yamakani imene inali ndi kaboti kamatanga m'galasi pabalaza. Atamva kuti ndine mwana wa mmisiri wa maboti, makutu anga sanapumenso. Ankandisimbira kuti agogo a bambo awo, ku Mangalande m'zaka za m'ma 1800, anayamba ndi kusesa utuchi pamalo opangira maboti, mpaka anatsegula malo awoawo. Ankapanga maboti ampikisano a anthu olemera ndi sitima zamatanga zowoloka nyanja zamchere. Kenako kunabwera sitima zachitsulo. Makasitomala anatha mmodzimmodzi, mkuluyo n'kufera m'nyumba ya lendi akukhoma makabati. Ndinamva chisoni ndithu, koma chisoni chake cha pamaliro a eni.

Nthawi yomweyo n'kuti ndikutumiza ndalama kwa mng'ono wanga Yohane, yemwe ndi msodzi, kuti agule boti la fayiba, losawola lija, ndi injini yake. Kutchalitchi ndinkadzitama nazo osati pang'ono. Yohane ankandiuza kuti boti likupindula, moti anzake nawonso ayamba kugula otero. Ndikafunsa za bambo ankati ali bwino, matabwa sakuwachoka m'manja. Sananame.

A Gordon asanamwalire anandipatsa nyundo yamtengo ya agogo aja, yokhomera thonje m'mipata ya matabwa kuti boti lisachuche. Anati ikafike kwa munthu amene akugwirabe ntchitoyo. Ndinawalonjeza mosakayika, poti munthuyo ndinali naye.

Ndinafika kwathu mu 2018, dzuwa lili paliwombo, nyundo ili m'chikwama. Pansi pa mtengo wa mango, pamene kale pankaima boti losamaliza, panali mabokosi a maliro, ena aang'onoang'ono. Ndinaganiza kuti pakhomo pagwa zovuta ndipo andibisira. Mayi anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti chibwerere boti la Yohane, asodzi anasiya kuoda a matabwa. Ntchito ya bambo tsopano inali imeneyi, ndipo analetsa aliyense kundiuza. Zaka zonsezi ndinkayesa ndikumanga pakhomo.

Bambo anatuluka utuchi uli m'mutu, akuseka ngati palibe kanthu. Ndinawapatsa nyundo ija ndi manja awiri. Anaiyesa kulemera, n'kugogoda m'mbali mwa bokosi lina atatchera khutu, monga ankachitira ndi maboti.

"Iyi inagwira ntchito," anatero. "Nanga mwini wake anatha bwanji?"

Yankho ndinali nalo lonse: anafera m'nyumba ya lendi akukhoma makabati.