Nyimbo za Maliro a Dunstan

Dunstan Mbewe anali wowotcherera zitsulo ku Al Quoz, m'dziko la Aluya, ndipo utsi wa zaka zisanu ndi zinayi unamudya mapapo. Imfa sankaiopa kwenikweni. Chimene ankaopa ndi maliro opanda nyimbo, oti anthu angomukwirira chete ngati akubzala chinangwa, monga amachitira kwawo ku Ntcheu ndi munthu wodulidwa mumpingo.

Ndipo anamuduladi. Chinamupalamulitsa ndi pakamwa. Yahaya, Msilamu wa ku Mangochi amene ankagona naye chipinda chimodzi, atamwalira, Dunstan anaimirira m'mapemphero a Amalawi Lamlungu n'kunena kuti mnzakeyo ali kumwamba. Akuti munthu amene ankamuchapira zovala iye ali chigonere, Mulungu sangamukane.

Akulu a mpingo anakhala bwalo, a Lameck ali pampando. A Lameck ankayendetsa basi ya sukulu, koma akavala jekete Lamlungu ankayenda ngati makiyi akumwamba ali m'thumba mwawo.

"A Mbewe, chimenechi ndi chiphunzitso chonyenga," anatero a Lameck. "Bwezani mawu."

"Ndibweze bwanji, akulu? Ndimunamizire munthu ali m'manda?"

Tsiku lomwelo kalata yomudula inafika kumpingo wa kumudzi pa WhatsApp. Mphamvu yomanga munthu kapena kumuthamangitsa m'dziko akuluwo analibe, koma kumumana nyimbo ankatha.

Dunstan anadzikoka kupita ku ofesi ya boma yomva madandaulo. Mlembi wa pamenepo anamumvetsera mwaulemu.

"Akumenyani? Akulandani pasipoti?"

"Ayi bwana, andidula mumpingo popanda chifukwa."

"Khalas, habibi, nkhani yatha, m'bale wanga. Za tchalitchi kakambiraneni kutchalitchi."

Anabwerera manja ali m'khosi, ndipo m'sitima ya metro analira osachita manyazi. Bwalo lokhala ndi apolisi nkhani yake silinkaifuna, pomwe bwalo loifuna linali litagamula kale. A Lameck anamutumizirabe uthenga woti khomo n'lotsegula akangolapa, koma iye sanawayankhe.

Adokotala atamuuza kuti masiku amuthera, Dunstan anakhala pabedi masana, anzake ali kuntchito, n'kutenga foni. Anadzijambula akuimba nyimbo zitatu za maliro, mawu akudukaduka, chifuwa chikulowerera pakati pa mavesi. Atamaliza anaimbira Usumani, mkulu wake wa Yahaya, amene analonjeza kudzaperekeza thupi la Dunstan kumudzi.

"Achimwene, ndakutumizirani nyimbo," anatero Dunstan. "Bokosi likakafika ku Ntcheu, mukaike foni pamwamba pake. Kwaya ikakakana, ndikadziimbira ndekha."