Mayi Ozella Tidmore, Wotipatsa Liwu Loyambira

Abale ndi alongo a mpingo wa Pine Hollow, akulu ampingo andipempha kuti ndilembe za Mayi Ozella Tidmore, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ndawadziwa chikwatiwire pa Phiri la Sand pano, ndipo ndilemba zimene ndinaona, zokoma ndi zowawa zomwe.

Anabadwira m'banja lolima thonje. Bambo awo, a Vester Tidmore, ndiwo anabweretsa kuno maimbidwe athu a manotsi anayi ojambulidwa m'buku la nyimbo: ya ngodya zitatu ndi fa, yozungulira ndi so, ya ngodya zinayi ndi la, yonga daimondi ndi mi. Kupalira kukatha, ankayenda pa bulu kuphunzitsa m'matchalitchi, ndipo limba sankafuna n'kuliona komwe. Popeza tilibe choimbira, pamafunika munthu wa khutu lakuthwa woti apereke liwu loyambira nyimbo iliyonse. Akalikweza, a tena kukhosi kumawawa. Akalitsitsa, a besi amangong'ung'udza. Mwa ana onse a Vester, khutu limenelo linagwera Ozella.

Mphatso imeneyi ndiyo inawamanga. A Vester atafa ziwalo, Ozella ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, Lamlungu n'kukhala pa benchi yakutsogolo m'malo mwawo. Mnyamata amene anawafunsira mbeta anadikira mpaka kutopa, n'kupita kukagwira ntchito ku Detroit. Mng'ono wawo Lurleen anakwatiwa ku Mobile, kunyanja. Bambo aja atamwalira, Lurleen anati, "Achemwali, mbali yanu mwaikwanitsa. Bwerani kwathu tizikakalamba limodzi."

Koma chaka chomwecho mpingo unakhazikitsa tsiku la nyimbo lokumbukira a Vester, ndipo matchalitchi ena apaphiri pano ankawafunanso. Mayi Ozella anayankha mng'ono wawo kuti, "Ndibwera akangopezeka wondilowa m'malo."

Wolowa m'maloyo ndiye sankapezeka. Amuna athuwa pa nkhuku yokazinga ndi chigumu amakhala patsogolo, koma ukati apereke liwu pamaso pa anthu, amayamba kuyang'ana nsapato. Mayi Ozella anaphunzitsa ambiri, ndipo amene anagwira bwino anali mwamuna wanga Hoyt. Vuto lake linali mantha.

"Iwe Hoyt," ankatero mayiwo, "khutu uli nalo, nanga mtima unausiya kuti?"

"Mayi, si inu mulipo? Ndichititse manyazi a Vester m'manda?"

"Bambo anga anagona, sakumva kanthu. Amene ndili maso ndine."

Pagulu sanadandaulepo. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu akakupatsa khasu, sufunsa kukula kwa munda." Anthu ankawatcha mzati wa mpingo, osaganiza kuti mzati suchoka pamene unazikidwa. Ine zinkandiwawa, ndipo kunyumba Hoyt sankapuma nane. Khirisimasi iliyonse Lurleen ankawaitananso, yankho n'kukhala lomwe lija, mpaka onse awiri anachita imvi ndi kuyamba kuyendera ndodo.

Chaka chino, pa tsiku la a Vester, tchalitchi chinadzaza. Tinakhala pa mabenchi athu oyang'anizana mbali zinayi, wotsogolera n'kuima pakati natchula nyimbo. Tonse tinacheukira Mayi Ozella. Anatsegula pakamwa, koma munangotuluka mpweya. Anayesanso, ayi ndithu. Wotsogolera uja anatsala dzanja lili m'mwamba.

Kenaka tinamva kaliwu konjenjemera: "La... fa... so." Anali Hoyt, thukuta lili kamukamu.

Mayi Ozella anamucheukira, nanong'ona kuti, "Wakweza pang'ono. Koma imbani, safa munthu." Tinaimba manotsi, kenaka mawu, ena tikupukuta misozi.

Pa chakudya cha masana anandikoka mkono. "Velma, galimoto yako ili ndi mafuta? Mawa ukandisiye kwa Lurleen."

"Mawa lomweli, Mayi?"

"Eya, amuna akowo asanasinthe maganizo."

M'mawa ndinawapeza pakhonde atavala kale chipewa chawo cha kutchalitchi. Analowa m'galimoto akuseka ngati namwali. Titangoyenda pang'ono anati, "Ndigoneko. Nyanja ikayamba kuoneka undidzutse." Pokhota njira ina mutu wawo unagwera paphewa langa, ndipo ndinaimika galimoto. Anali atapita mwamtendere, manja ali pamiyendo, nkhope ili yosalala. Tinali tisanatsike n'komwe phiri.

Atisiyira chitsanzo cha kukhulupirika, ndipo tikuyamika Ambuye chifukwa cha moyo wawo. Koma inu amene muli ndi khutu, musadikire kuti mnzanu athe mawu. Amene anaimbira foni Lurleen m'mawa umenewo ndine. Ndisanalankhule kanthu, anafunsa mwansangala:

"Mwafika pati? Nditereke khofi?"