Siga ya Achemwali

Abambo anga ndi mkulu wa mpingo kwathu ku Lirangwe, ndipo mkulu wa mpingo sasuta. Zimenezo amadziwa aliyense. Chimene ndinkayesa kuti ndimadziwa ndekha n'chakuti madzulo, amayi akapita kumjigo, abambo amazungulira kuseri kwa khola la mbuzi n'kukapichira chingambwe. Pepala lopichirira linkachokera kwa ine. Ankakonda makope akale a masamu, ati ndi ofewa. Sankapempha ndi pakamwa. Ankangotsokomola kawiri podutsa pawindo langa, ine n'kung'amba theka la tsamba kukawapatsa. Kenako ndinkakhala pachitsa, buku pamwendo, maso kunjira ya kumjigo.

Ine si wolankhula. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, mawu amandithawa. Koma kuseri kwa khola kunalibe wondifunsa kanthu, ndipo kanthawi kameneko kanali kanga.

Loweruka lina, nyengo yozizira, kunabwera achemwali anga aakulu kuchokera ku Chileka. Amagwira ntchito yokonza zipinda pamalo ogona alendo pafupi ndi bwalo la ndege. Amayi atangonyamula ndowa, achemwali anatulutsa kachubu kasiliva m'chikwama, n'kugwada pamaso pa abambo.

"Ababa, iyi amati siga. Yangotuluka kumene. Wogulitsa anabweretsa zoti alendo athu alawe, ndiye abwana andipatsa imodzi. Ndati wodziwa fodya alipo kwathu."

Ndinadikira kuti abambo akalipe. Anangoseka, n'kunena kuti, "Tiyeni kuseri."

Ndinawakoka chitenje achemwali. "Munadziwa bwanji?"

"Iwe," anatero, "usanadziwe kulemba dzina lako, ukuganiza ankapichira makope a ndani?"

M'kachubumo munali ndudu yonenepa kuposa chala chachikulu cha abambo, yamasamba okhaokha, yovekedwa kalamba kagolide. Abambo anainunkhiza, n'kuigubuduza pafupi ndi khutu. Anayamba kufotokoza za unyamata wawo, mmene ankasankhira fodya kuesiteti, mmene tsamba labwino limamvekera m'manja. Zaka zitatu ndikuwang'ambira mapepala, nkhani imeneyi anali asanandiuzepo. Achemwali ankamvetsera atakhala pachitsa changa.

M'kachubumo munalinso kapepala kopindapinda. Achemwali anandiponyera. "Wasukulu, nako, paja umakonda zolembalemba."

Kanali ka Chingerezi chosavuta. Kankati mbali yotseka, yolowa m'kamwa, iyenera kudulidwa pang'ono musanayatse. Ndinawerenga kawiri, ndinamva bwinobwino, n'kukaika m'thumba.

Abambo anayatsa machesi. Anakoka mpaka masaya kulowa m'kati, koma utsi osabwera. Wachiwiri, wachitatu. Anaichotsa m'kamwa n'kuiyang'ana.

"Kodi kuno si kotseka? Bwanji ndilume?"

"Ayi ababa, muwononga. Anapanga dala choncho. Alendo amangoyatsa basi." Achemwali amaona phulusa lokha akamasesa m'mawa, koma sakanavomera zimenezo. Ananditembenukira. "Pepala lija likuti chiyani?"

"Likungotamanda fodyayo," ndinatero, maso pansi.

Machesi anatha asanu ndi awiri. Kunsonga kunada ngati chikuni chonyowa. Abambo anayesa kuseka, ati mwina fodya wa mabwana amadziwa mlimi, koma achemwali sanaseke. Ankangopotokola m'mphepete mwa chitenje. Nditaona ndowa ya amayi patali, ndinanena, ndipo tonse tinabalalika. Mawa lake titaweruka kutchalitchi, achemwali anakwera minibasi osadikira chakudya.

Tsiku limenelo ndinalemba m'kabuku kanga mzere umodzi wokha: "Yakana kuyaka ndipo ndasangalala." Ndinaufufuta, koma ukuwerengekabe.

Lolemba madzulo ndinamva kutsokomola kawiri. Ndinathamanga ndi pepala. Ndinapeza abambo ataidula siga ija tizidutswa pathabwa, mmene amachitira ndi chingambwe. Anapichira papepala langa, anayatsa ndi machesi amodzi, n'kutseka maso. Fungo lake silinali lomwe ndinazolowera. Linali ngati la khofi wokazinga.

"Fodya uyu ndi weniweni," anatero. "Mchemwali wako anamusunga sabata yonse, osapatsa wina. Waona mmene anachokera?"

Chitsa chinali changanso, koma ndinalephera kukhalapo. Ndinatulutsa kapepala kaja n'kuwawerengera, ndikumasulira mzere ndi mzere. Abambo anayang'ana tizidutswa tija pathabwa kwa nthawi yaitali.

"Unawerenga liti, mayi?"

"Loweruka."

Sanakalipe. Anamaliza kusuta, n'kufotsera phulusa ndi phazi. "Za fodya mchemwali wako ndimuuza ndine. Zinazo umuuze wekha."

Kwa masiku atatu anadutsa pawindo langa osatsokomola. Lachisanu ndinabwereka foni ya amayi, ndinapita kuseri kwa bafa, n'kuwaimbira achemwali. Ndinanena zonse mpweya umodzi. Kumbali kwawo kunkamveka ndege.

"Kansanje iwe," anatero. "Ine ndimawaona kamodzi pamwezi. Iwe tsiku lililonse. Ukufunanso chiyani?"

Ndinakabweza foni kwa amayi.

Madzulo omwewo abambo anatsokomola kawiri. Ndinapita ndi pepala, ndinakhala pachitsa, zonse ngati kale. Koma chingambwe chawo sasunganso m'kajumbo monga kale. Amasunga m'kachubu kasiliva, m'thumba la m'kati la jekete, ndipo asanakatsegule amakapukuta ndi chala. Pepala langa limapsa tsiku lililonse. Kachubu ka achemwali kamabwerera m'thumba.