Mfuti ya Chigwiriro Choyera

Amuna anga anayamba kufuna mfuti pa msinkhu umene anzawo amayamba kufuna mpando wa ndalema. Timakhala ku Thamesmead, kuno kwa azungu, m'nyumba yosanja momwe mphepo ya kumtsinje imalowa ngati ikulipira nawo lendi. Ine ndine namwino. Iwo amagwira ntchito kosamalira okalamba, kuwanyamula, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Mfuti anaidziwira m'mafilimu a makawuboyi basi, ali mnyamata ku Ndirande, atapanikizana ndi anzawo pa benchi m'kanyumba ka vidiyo kopanda zenera.

Kuno mfuti za m'manja n'zoletsedwa, ndipo ine ndinkagona tulo tabwino podalira lamulolo. Koma bambowo anafufuza mpaka anapeza kuti zamakedzana, zothira onga ndi chipolopolo cha kutsogolo ngati gogodera wa alenje akwathu, zimaloledwa ku kalabu yowombera. Anaipezadi kalabuyo, kutali, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Anawalandira mongoyembekezera. Aphunzire kaye ndi mfuti za kalabu, kenako tsiku lina adzawombe pamaso pa woyang'anira. Akadzakhoza adzakhala membala weniweni, akadzalephera ndiye kuti zakanika.

Mfuti zimenezi siziwomba ukangokoka kachitsulo kapansi. Kumbuyo kwake kuli hamala, kachitsulo kamene umayamba wakakokera m'mbuyo ndi chala chachikulu mpaka katakola, ndipo umatero pa chipolopolo chilichonse. Apa ndi pamene panagona nkhani, chifukwa chala chachikulu cha kumanja cha amuna anga chinatha. Zaka zonyamula anthu zinadya mfundo yake. Ine ndinkadziwa, si ntchito yanga nanga. Botolo la jamu ankandikankhira mochenjera, amvekere, "Tatsegulani Mayi, ine ndiyankhe foni," foniyo ili chete m'thumba. Ukatchula nyamakazi ankati ndi kuzizira chabe, kukatentha chisiya. Kunatentha, kunazizira, kunatenthanso.

Ku kalabu kunali mfuti ziwiri zoti asankhepo. Ina inali ndi hamala yotsika, yotambalala, ya mizeremizere yoti chala chisaterereke, ndi chigwiriro chakuda, chokhakhala, chodzaza m'manja. Inayo hamala yake inali yaitali, yowonda, yoloza kumwamba ndiponso yolimba kukoka, chigwiriro chake choyera, chosalala, chopindika ngati cha pulawo. Loweruka lililonse ankabwera kunyumba akununkha mazira owola, poti ndi mmene utsi wa onga umanunkhira, n'kuyamba kundiphunzitsa za ziwirizi ngati ndawafunsa. Ankaima pabalaza miyendo tang'a, rimoti ya wailesi yakanema ili m'manja, n'kumawombera katani.

"Ndiye mwasankha iti, Bambo?" ndinafunsa tsiku lina, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Yoyera. Mwamuna wa mufilimu munamuonapo atagwira chigwiriro chakuda chokhakhala?"

"Mwamuna wa mufilimu sananyamulepo nkhalamba. Tengani ya hamala yotsikayo, chala chanu chizingogona pamenepo."

"Ija ndi ya mapenshonala, Mayi. Amagwiritsa ntchito azigogo a ku kalabu, ena amabwera ndi ndodo."

"Nanga inuyo mwatsala patali bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira makolo. Ndinawauza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, iwo anati miyambi ndikaiphunzitse odwala anga. Zinandikwiyitsa zedi, chifukwa munthu amene sangatsegule jamu analibe chifukwa chonyozera azigogo.

Koma ndisawanamizire kuti anali wopusa chabe. Tsiku lina akuvula nsapato atachoka ku shifiti anati, "Kuntchito ndine wotaya mikodzo. Amandiitana ngati kamwana, ena dzina langa sanaliphunzire mpaka lero. Ku kalabu kuja ndikaima pamzere, aliyense amakhala chete kudikira kuti ndiwombe." Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso, poti chinanditseka pakamwa. Umembala umenewu ankaufuna ndi mtima wonse, ndipo unali pa chala chimodzi chokutha.

Tsiku loyesedwa linagwa pa tsiku limene kalabu imalola alendo kudzaonerera. Munthu wanzeru akanapita yekha mwakachetechete. Amuna anga analengeza ku tchalitchi kwathu ku Peckham, ndipo azibambo angapo anati sangaphonye, kuphatikizapo mkulu wa mpingo, bambo wa ku Lusaka amene kuseka kwake kumamveka tsidya lina la msewu. Inenso ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kupita.

Kunali kozizira koopsa. Amene anakhalapo kuno amadziwa zimene chisanu chimachita pa khungu lathu, manja amangoti mbuu ngati wagwira phulusa. Ndipo munthu woleredwa bwino kwathu saonekera pagulu ali wotuwa, makamaka pamaso pa azungu ndi mafoni ojambula. Tili pakhomo pa kalabu, bambowo anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola m'thumba la jekete, n'kudzola manja onse mpaka m'mipata ya zala, akuphatikiza ndi pachipumi. Anawala ngati mwana wopita ku ubatizo. Ndinati ndilankhule, koma anali atayamba kale kuyenda ngati wangotsika pa hatchi.

Woyang'anira anali mayi wachizungu wa imvi, wosaseka. Ife anativeka zotseka m'makutu n'kutiimika kumbuyo kwa chingwe. Amuna anga anathira onga, anaika zipolopolo, zonse mwadongosolo, ndipo kunena zoona ndinanyadira pang'ono. Anakweza mfuti yawo yoyera ija, anakoka hamala, n'kuwomba. Utsi unati tolo, pepala lolingapo linabooka m'mphepete. Mkulu wa mpingo anawomba m'manja yekhayekha mpaka mayi uja anamuyang'ana.

Pa chipolopolo chachiwiri ine sindinayang'ane pepala, ndinayang'ana chala. Chinakwera pa hamala, chinakoka, chinafika pakati n'kuima. Ndinaona mfundo ija ikupindikira m'kati mmene imachitira pa botolo la jamu. Kenako chinangosiya. Mfuti inalira isanakwezedwe, chipolopolo chinakumba dothi patsogolo pawo pomwepo, ndipo chigwiriro chosalala chija chinatembenuka m'manja mpaka mfutiyo inaloza kudenga.

Mayi uja anakuwa kuti aliyense asiye, n'kuwalanda mfuti mwaulemu koma mosanyengerera. Atangoigwira anayang'ana chikhatho chake, chili noninoni. Anaonetsa anzake chigwiriro chikunyezimira, n'kufunsa kuti ndi chiyani chimenechi.

Mkulu wa mpingo ndiye anayamba. "Ah, ba mudala! Manje mwazola mafuta monga muyenda ku wedding? Mfuti yafuna kuthawa, iyayi!" Anaseka mpaka kugwira mawondo, azibambo ena aja n'kulandira. Ndinaona nkhope ya amuna anga. Poyamba inali ya munthu amene wagwidwa, kenako inamasuka pang'onopang'ono. Anakweza manja onse awiri kuti anthu aone mmene akuwalira, n'kuseka nawo. "Mafuta, abale! Chala chinaterereka!"

Mayi woyang'anira anati kwa lero alephera, mfuti yolira yokha si nkhani yoseka. Koma anawonjeza kuti mafuta amachoka ndi sopo. Akhoza kuyambiranso kuphunzira, n'kudzayesedwanso ndi manja ouma, pa mfuti yomweyo kapena inayo, kusankha n'kwawo. Amuna anga anathokoza kwambiri, mopitirira muyeso, n'kunena kuti abweradi.

Basi yobwerera inali yosanja, ife tinakhala m'munsi, chifukwa masitepe okwerera pamwamba amafuna kugwira chitsulo. Dzanja lawo lamanja linali m'thumba la jekete.

"Sichinaterereke," ndinatero.

"Ndikudziwa, Mayi."

"Ndiye bwererani mukatenge ya hamala yotsika. Mudzakhoza, ine ndikudziwa."

"Ndikakaitenga, onse adziwa kuti sanali mafuta."

Ndinafuna kuwagwedeza. Ndinawauza kuti kalabu yonse ndi ya nkhalamba, palibe amene angawawerengere imvi, ndipo a ku tchalitchi sadziwa kusiyanitsa hamala ndi supuni. Anangoyang'ana pazenera. Munthu anali wokonzeka kutaya chinthu chokhacho chimene ankachidikira mlungu wonse, bola asagwire mfuti ya azigogo. Ndinawatcha wouma mutu, ndinawatchanso zina zimene sindingalembe.

Lamlungu nkhani inali itafika kale ku Peckham. Pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero mkulu uja anaisewera yonse, miyendo tang'a, akugwiritsa ntchito sikono ngati mfuti, n'kuiponya m'mwamba. Azimayi anagwa nako kuseka. Kenako mayi wina, namwino mnzanga amene maso ake saphonya kanthu, anatembenukira kwa ine.

"Koma Mayi, anali mafuta okha? Bambowa dzanja lili bwinobwino?"

Amuna anga anali chapafupi, atagwira kapu ya tiyi ndi manja awiri, akuyang'ana m'kapumo.

"Mafuta okhaokha," ndinatero. "Theka la botolo. Ndinawauza ine kuti Bambo, mukupita kowombera, osati kokazingidwa."

Holo yonse inaphulika, ndipo amene anaseka kwambiri anali iwowo. Mpaka lero akabwera alendo kunyumba amandipempha kuti ndifotokoze ya mafuta ija, ine n'kufotokoza, ndikuwonjezera botolo chaka chilichonse. Ku kalabu sanabwerereko. Loweruka masiku ano amapempha shifiti.