Akuyenda Bwino, Kaya Inu

Amuna anga ndi munthu waulemu, ndipo ulemu wawowo unatsala pang'ono kumusiyitsa sukulu mwana wathu.

Mwanayo ndi wamkazi, anabadwa ndi miyendo yosalimba. Mutu ndi wakuthwa, pakamwa ndiye musanene, anatengera ine. Kusukulu ku Bembeke ndinkachita kumubereka, kupita ndi kubwera, pakatipo n'kuthamangira kudimba kukathirira mbatata ya kachewere. Ali wamng'ono sizinkavuta. Koma mwana amakula ngakhale miyendo ikane. Atafika sitandade folo, mapazi ake ankandimenya kuseri kwa mawondo, msana wanga n'kumalira ngati chitseko chakale. Ndinkadziwa, iyenso ankadziwa, kuti tsiku limene msanawo udzakane, sukulu yathera pomwepo.

Mlongo wanga wa ku Joni anatitumizira njinga ya magudumu atatu, yoyendera batire, yoti n'kukwera zitunda zathuzi. Inafika m'dziko muno, koma a boma anaigwira podikira msonkho woti ngakhale tikanagulitsa dimba lonse sitikanaukwanitsa. Anthu anatiuza kuti katundu wa mwana wolumala amachotsera msonkho ukapempha. Tinapempha. Yankho linabwera lakuti ayi, chifukwa bambo ake enieni anatsimikiza pafoni kuti mwanayo akuyenda bwino.

Ndinawapeza kudimba akumangirira tomato.

"Abambo, munauza ndani kuti mwanayu akuyenda?"

"Ine? Ndapenga kapena?"

Anakanda mutu mpaka anakumbukira. Tsiku lina ali pamsika ku Linthipe, munthu wina wa mawu ofatsa anawaimbira, nati ndi wa ku ofesi. Anafunsa kuti, "Mwanayo akuyenda bwanji?" Amuna anga anavula chipewa, kuvulira foni, n'kuyankha kuti, "Akuyenda bwino, kaya anzathu kumeneko?" Munthu uja anathokoza n'kudula. Iwo anabwera kunyumba akusangalala kuti a m'maofesi masiku ano ayamba kupereka moni.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma chimene chinatuluka ndi kuseka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pamzere, n'kuthyola tomato wawo. Kenako ndinalira, chifukwa ndinaona njinga ija ikupita. Koma ndikanawaimba mlandu wanji? Kwathu kuno munthu ali gone pamphasa, ukamufunsa amati, "Ndili bwino pang'ono."

Aphunzitsi a mwanayo anatiuza kuti tikhoza kuchita apilo, kukaonekera pamaso n'kufotokoza. Choncho tinayamba kuwaphunzitsa abambowo kuyankha. Mwana ndiye anali abwana. Ankakhala pathumba la feteleza, atavala magalasi a waya amene anapinda yekha, n'kukweza mawu.

"Inu abambo, mwanayo akuyenda bwanji?"

"Sa... sa... ali bwino ndithu, kungoti..."

"Mwalakwa! Bwerezani."

Ankabwereza, n'kulakwanso. Pakamwa pawo pankakana. Ankati kunena kuti mwana wako sali bwino, mwiniwake akumva, kuli ngati kumutemberera. Apo sindinawaseke, chifukwa nanenso mawuwo ankandilemera. Pamapeto pake ine ndi mwana tinagamula mlandu: tsiku la apilo, abambo asayankhe chilichonse. Achite ngati mtondo.

Tinapita ku boma m'mwezi wa Juni, chifunga chili tolo. Amene anatilandira anali mayi wachikulire wovala juzi yofiira. Mipando inalipo, koma ine ndinaima, chifukwa kumasula mwana ndi kumuberekanso inali ntchito. Mayi aja anayang'ana amuna anga.

"Muli bwanji, abambo?"

Zii.

"Abambo, mwadzuka bwanji?"

Amuna anga anayang'ana kudenga. Thukuta linayamba kutsika, kuzizira konse kuja. Moni anali pakhosi kufuna kutuluka, iwo n'kumamumeza.

Mayi aja anatembenukira kwa ine. "Pepani amayi, kodi abambowa samva? Ine ndimayesa wovutika ndi mwana."

Kumsana kwanga kunayamba kugwedezeka. Mwana uja anali atabisa nkhope m'khosi mwanga, akuseka mwakachetechete. Basi nanenso ndinaphulika. Ndinayesa kufotokoza za foni, za chipewa, za magalasi a waya, mawu n'kumaduka. Atamvetsa, mayi aja anavula magalasi awo, enieni, n'kumapukuta misozi. Anati bambo awo omwe akanayankha chimodzimodzi. Amuna anga ataona kuti aliyense akuseka, anapeza mpata.

"Ndili bwino, kaya inu amayi?" Anapuma ngati atula thumba la chimanga.

Titakhazikika, mayi aja anazungulira tebulo n'kuima pambali panga, maso ali pa mwana. "Iwe, tandiuza wekha. Umayenda bwanji?"

"Ndimayenda bwino," anatero mwana wanga.

Ndinacheukira kumsana. Nayenso?

"Bola amayi anga asadwale."

Kuseka kunathera pomwepo. Mayi aja anayang'ana mapazi amene ankalendewera m'mawondo mwanga. Anagwira nsapato imodzi n'kuitembenuza. Pamwamba inali yakale, yosuluka ndi dzuwa, koma pansi pake panali patsopano ngati yangochoka m'sitolo. Sanafunsenso china. Anabwerera pampando n'kuyamba kulemba.

Njinga inafika tikukumba kachewere. Mudzi wonse unabwera kudzaiona, ndipo mwiniwake anagunda khola la nkhuku asanadziwe mabuleki. Ine ndinalulutira mpaka mawu kusasa. Amuna anga ankaima pamsewu kudikira odutsa, ngakhale osawadziwa, kuti wina awafunse za mwana. Akangofunsidwa ankavula chipewa: "Akuyenda bwino! Lembani!"

Lolemba lake ndinadzuka monga mwa masiku onse, n'kutenga chitenje choberekera. Ndinagwada pakhomo, msana ndapereka kale. Ndinangomva belu, ngiri ngiri, kunja. Anali atakwera kale, bambo ake atamunyamulira.

"Amayi, tsalani. Muchedwetsa anthu."

Ndinaima pamsewu chitenje chili m'manja, kumuyang'ana akutsika ndi anzake, iwo akuthamanga kuti amupeze. Sanacheuke. Ndinali wosangalala moti miyendo inkafuna kuvina. Koma mphepo ya kuphiri inandiwomba pamalo pamene inali isanandiwombepo zaka zonsezo. Ndinabadwira konkuno, koma ndinali nditaiwala kuti ku Dedza kumazizira kumsana.