Galimoto yaikulu ya ku Zanzibar

Adadi, lero ndimagula matikiti a ku Zanzibar pa foni, ndiye yandifunsa ngati ndikufunanso kubwereka galimoto. Ndangozindikira misozi ili mbwembwembwe m'basi ya ku Peckham, kuno ku London. Ndakumbuka mmene tinakanganirana pa ulendo wathu womaliza wa ku Zanzibar uja. Ine ndinkati tizikakwera takisi kuti mukapume, poti chaka chonse munkayendetsa basi muno mu London. Inu munakanitsitsa, n'kusankha chigalimoto chachikulu pamene tinalipo atatu okha, inu, amami ndi ine. Ndinanyanyala.

Tsiku loyamba lomwelo kunagwa chimvula. Munaimira mayi wina wobereka mwana, kenako agogo osenza nthochi, mpaka ine ndinapanikizika kumbuyo. Nditadandaula munangoseka. Munati, "Mwanawe, ku London ndimaona munthu pagalasi akuthamangira basi, koma malamulo sandilola kuima popanda siteji. Ndimamusiya mtima ukuwawa. Nanga kuno andiletsa ndani?"

Chichokereni inu sindinakumanenso ndi munthu wa mtima wotero. Ulendo uno tikupita awiri okha ndi amami, komabe ndabwereka yaikulu. Pumulani ndithu, Adadi. Nane ndizikaima.